Sevente ya Chaka Chonse

Ku Kabudula, mwini munda aliyense amene anachititsapo lendi amawadziwa a Nankhoma, ndipo ambiri akamva dzinali amayamba apukusa mutu. Dzina lawo la ubatizo ndi Anesi, koma limenelo limatuluka kutchalitchi kokha ndi pa chiphaso. Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Makolo awo anawasiyira kamunda kosakwana theka la ekala, poti m'nyumba mwawo anabadwa akazi asanu ndipo aliyense anafuna pake. Amuna awo, a Evaristo, anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu mwana womaliza ali kumsana, ndipo mpaka lero sanamalize kupitako. Ana atatu onsewo a Nankhoma anawalera ndi mtedza wa m'minda ya eni.

Kubwereka munda ndi ntchito payokha, ndipo iwo anaiphunzira mpaka kuipitirira. Ankafika kwa mwini munda mu Ogasiti, ena asanayambe n'kuganiza komwe za dzinja, n'kuuyenda munda wonse osalankhula. Kenaka ankatola dothi, kulifikisa m'manja, n'kuyamba kulinyoza: mchenga wokhawokha, kaufiti wakhazikikamo, chiswe chachita kumangamo mudzi. Mwini munda akatchula mtengo iwo ankaseka, n'kumanga chitenje ngati akupita, ndipo kawirikawiri ankaitanidwa asanafike pa malire. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena mokweza pamaso pa mboni: ndalama imatuluka kamodzi, ikatuluka mwini munda asapondemo mpaka mbewu itachoka. Kwa iwo mawu akuti lendi ankatanthauza zimenezo basi, kulipira kamodzi n'kuiwala mpaka chilimwe china.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankalima maekala awiri a bambo wina wofatsa, a Gibson. Ekala ya kumtunda inali yamchenga ndithu, yosafuna kuinamizira. Inayo inali m'mphepete mwa dambo. Anaipeza itaguga, ndipo chaka ndi chaka ankaisenzera manyowa a mbuzi ndi dengu mpaka dothi lake linada. Pamaso pa a Gibson ankainyozabe monga mwa nthawi zonse, koma akamauza ana kumene akupita ankati akupita kwawo.

Mwana wawo womaliza, Jenipher, ndiye yekha amene anafika Fomu 4. Chaka chatha anapeza ntchito mu shopu ya nsalu ku Lilongwe, ya K120,000 pamwezi, ndipo a Nankhoma atamva anavina pabwalo, poti kwa iwo ndalama yotere imabwera ndi matumba a mtedza, osati mwezi ndi mwezi. Jenipher ankagona kwa azakhali ake ku Mtandire, pabalaza, pamodzi ndi ana anayi. Mu Julayi mwamuna wa azakhaliwo ananena mosapsatira kuti nyumba yachepa, mtsikana wolandira malipiro apeze pake Ogasiti asanathe.

Zotsatira zake a Nankhoma sanazimve kwa mwana wawo. Anawatsina khutu ndi mayi wina wa m'mudzimo amene amakagulitsa tomato m'tauni. Akuti kunali bambo wina, a Patson, mwini maminibasi awiri, wa mkazi ndi ana atatu, amene ankamudikirira Jenipher akaweruka. Akuti anali atamuonetsa kale nyumba ya mpanda ku Area 49, ya madzi m'kati, n'kumuuza kuti za lendi asadandaule nazo. A Nankhoma anaimba foni tsiku lomwelo ataima pa chulu pomwe netiweki imagwira. Jenipher sanakane. Analira pang'ono, kenaka anafunsa.

"Ndiye ndikagone kuti, amayi? Mitengo ya nyumba kuno mukuidziwa inu?"

Sankaidziwa. Akanafunsa pomwepo, nkhani ino ikanathera pa chulu paja. Koma a Nankhoma si munthu wofunsa mwana wake mtengo, makamaka mtengo wa lendi. Anangomuuza kuti asavomere kalikonse, adikire sabata imodzi, n'kudula foni. Mtima unkawawawa zedi. Anali ataonapo atsikana akubwerera kumudzi ndi mwana kumsana ndi chikwama chimodzi, wolipira nyumba uja atatopa nawo. Mkazi wa a Patson sankamudziwa, koma ankadziwa bwino momwe amamvera mkazi amene ndalama ya ana ake ikulowa m'nyumba ina, ndipo sanafune kuti mwana wawo akhale khomo lake.

Pa msika wa Kabudula pali sitolo ya Che Hamadi, imene bambo awo anaitsegula atabwera kuchokera ku Mangochi. Mumapezeka mchere, sopo, mbewu, makasu, malata, chilichonse kupatula mowa. A Nankhoma akhala akugula m'menemo zaka makumi awiri, ndipo anali atamva kuti Che Hamadi anamanga mdadada wa zipinda ku Mtandire. Anagulitsako mtedza, n'kupita pa tsiku la msika, sitolo itadzaza. Che Hamadi, dzanja lina likuyeza shuga lina likubweza chenji, anati chipinda chilipo chimodzi chakumapeto, cha simenti, magetsi, mpopi panja, chitseko cha loko. Mtengo wake sevente faifi, kutanthauza K75,000.

Apo a Nankhoma anayamba ntchito yawo. Chipindacho sanachionepo, koma anachinyoza bwinobwino: chakumapeto ndiye choyambira akuba, Mtandire ndi fumbi lokhalokha, mpopi wapanja ndi wa ndewu. Anamanga chitenje ngati akupita. Che Hamadi anaseka n'kutsika pa sevente. Iwo anamasula mfundo ya nsalu yawo, koma asanapereke anayamba aika lamulo.

"Ndikupereka kamodzi, Che Hamadi. Zodzabweranso kudzati onjezani ine sindifuna."

"Kamodzi, mayi. Zoduladula nanenso sindizikonda."

"Ndiye ndalipira yonse, eti?"

"Yonse, mayi. Mwathana nayo."

Onse awiri ananena zoona, ndipo onse awiri anasiyana ali okhutira. Che Hamadi anadziwa kuti alandira ya Seputembala. A Nankhoma anadziwa kuti alipira mpaka chilimwe cha chaka chamawa. Mawu akuti pamwezi sanatuluke pakamwa pa aliyense, chifukwa kwa wina anali odziwikiratu ndipo kwa winayo lendi yotero kunalibe.

Jenipher anangouzidwa kuti nyumba yapezeka ndipo yalipiridwa chaka chonse. Atafunsa kuti ndi zingati, anayankhidwa kuti ndalama za amayi ake si zake zoti aziwerenga. Mtsikanayo anaganiza kuti mtedza wachita bwino kuposa kale, ndipo mphamvu zimene anazisowa miyezi iwiri zinamubwerera tsiku limodzi. A Patson atabwera kudzamudikirira anawauza, makondakitala awo akumva, kuti nyumba ya mpandayo akaikemo akazi awo. Ananyamula matiresi, mbaula, mapoto awiri ndi ndowa, n'kukalowa m'chipinda chakumapeto chija.

Seputembala yense a Nankhoma sankapumitsa anthu. Pa mjigo, pa chigayo, ngakhale pa maliro, ankati anthu a m'tauni ndi odandaula chabe, amafuna kuti ife a kumudzi tiziwamvera chisoni. Chipinda cha magetsi mtengo wake ndi wofanana ndi ekala imodzi, ndipo sichifuna feteleza. Mphunzitsi wina wachinyamata anayesa kufunsa mwaulemu ngati sevente imeneyo si ya pamwezi. Anamuyankha kuti iwo anayamba kuchita lendi iye asanamere mano. Kunena zoona funsolo linawabaya pang'ono, koma analikankhira pansi, poti kubwerera ku sitolo kukafunsa kukanakhala kuvomera kuti mwina analakwa.

Pa 3 Okutobala foni inalira ali pakhonde akuswa mtedza. Anali Jenipher. Mayi amene amatolera lendi m'malo mwa Che Hamadi anali atagogoda m'mawa kufuna ya mwezi watsopano, ndipo atauzidwa kuti chaka chonse chinalipiridwa anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, munapereka zingati?"

"Sevente."

Jenipher ananena motsitsa kuti imeneyo ndi ya mwezi umodzi.

A Nankhoma anafika ku sitolo thukuta lili kamukamu, makoko a mtedza akadali pa chitenje. Sanapereke moni. Anauza Che Hamadi, anthu onse akumva, kuti zaka makumi awiri zogula mchere m'menemo sankadziwa kuti akugula kwa tambwali, ndipo anabwereza mawu onse a tsiku lija, kamodzi, yonse, mwathana nayo. Che Hamadi poyamba sanamvetse. Atamvetsa anagwira pakamwa, ndipo m'sitolo monse munabuka chikhakhali. Anaseka mavenda, anaseka akabaza amene anasonkhana pakhomo, anaseka ngakhale anthu amene chipinda cha m'tauni sanachionepo. A Nankhoma anaima pakati pawo nkhope ikutentha. Pa moyo wawo wonse anali asanagonjepo pa nkhani ya lendi, ndipo anagonja osati kwa munthu wochenjera koma kwa mutu wawo womwe. Manyazi amenewo anawapweteka kuposa ndalama.

Che Hamadi si munthu woipa. Anakalipira oseka aja, n'kuwalowetsa a Nankhoma kuseri kwa kauntala, kuwakhazika pa benchi. Anafunsa malipiro a mwana, ndipo atamva anapukusa mutu. Anati chipinda cha sevente chimafuna munthu wolandira kupitirira thu handiredi, chifukwa lendi ikadya kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro, munthu amayamba kusankha pakati pa kudya ndi kukwera minibasi. Pa wani twente, akachotsa sevente, zotsalazo zigule ufa, makala, sopo, mayunitsi a magetsi, ndi kumufikitsa kuntchito masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Anati waona ambiri: miyezi iwiri amalipira, wachitatu amabisala, wachinayi amapeza chipinda chili pululu, apo ayi amapeza lendi ikubwera ndi bambo wa galimoto. Chifukwa cha kusamvana kuja, anati amupatsa mtsikanayo masabata awiri aulere kuti apeze kwina.

Mawu a bambo wa galimoto aja ndi amene anawadzutsa a Nankhoma pa benchi.

"Mwati chimafuna wolandira thu handiredi? Ndiye muziwerenga anthu awiri. Theka azipereka iye, theka ndizibwera nalo ine pano pa kauntala. Mwana wanga m'chipinda muja sachokamo."

"Nanga inu mumalandira zingati, mayi?"

"Ine sindilandira, Che Hamadi. Ndimakumba."

Che Hamadi atavomera, a Nankhoma anatuluka mutu uli m'mwamba, ndipo oseka aja anawapatukira. Koma pa msewu wopita kumudzi panalibe wowaonera, ndipo mawu olimba aja anafunika miyendo. K35,000 mwezi uliwonse, kwa munthu amene ndalama imamupeza kamodzi pachaka. Mtedza wotsala m'nyumba unali wa lendi ya a Gibson, imene ankapereka mu Okutobala mtengo wa mtedza ukakwera. Anaganiza zosiya ekala ya kumtunda, koma a Gibson imeneyo ankawapatsa motchipa chifukwa palibe wina ankaifuna, ndipo kuisiya sikukanapulumutsa ndalama yooneka. Ya kudambo ndiyo inali ya sevente. Anaima pa mthunzi wa mtengo wa mango n'kutukwana tauni yonse mokweza, eni nyumba, eni mashopu olipira anthu zosakwana pogona, ndi aliyense amene anayambitsa zoti chipinda chosamera ngakhale thelele chizidya pamwezi zimene ekala yodyetsa banja imadya pachaka.

A Gibson atamva kuti a Nankhoma akubweza ekala ya kudambo anayesa kuti ndi njira yatsopano yotsitsira mtengo. Anadikira kuti dothi linyozedwe, koma silinanyozedwe. Anadikira kuti amange chitenje kuti awaitane, koma anapita osacheuka. Pasanathe sabata ekalayo inatengedwa ndi bambo wina wogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, mmodzi wa anthu aja amalima pa foni, amene anapereka mtengo wonse osatsitsa n'kuyamikira kuti dothi lake ndi lakuda bwino. Anasiyira a Gibson ndalama kuti apeze aganyu ogalauza mizere.

Sevente yopulumukayo inali theka la a Nankhoma la miyezi iwiri yokha. Ya Disembala ndi ya Januwale inayenera kuchokera kwina. Anayamba kuswera mavenda mtedza pa msika, ndowa ndi ndowa, mpaka zala zinasupuka. Ndipo m'mawa wina a Gibson akugawa ndime kwa aganyu kudambo kuja, anapeza a Nankhoma ali pa mzere, khasu paphewa. Bamboyo anasowa poyang'ana. Anayesa kuwauza kuti awapezera ganyu kwina, koma iwo anati mundawo akuudziwa pomwe pali zitsa ndi pomwe madzi amadutsa, ndipo ndalama ya ganyu ilibe fungo. Azimayi ena ankanong'onezana, ena ankafunsa dala ngati chaka chija chatha kale. A Nankhoma ankawayankha kuti chatha, ndipo mwana wawo akugonabe pa loko wake.

Nkhani zotere sizichedwa kukwera minibasi. Loweruka lina Jenipher anapempha tchuthi kuntchito, ndipo dzuwa lili pamutu anatulukira kudambo, atavala nsapato za m'tauni. Anawapeza amayi ake ali okha kumapeto kwa ndime, aganyu ena atakapuma pamthunzi. Anali ataonda, fumbi litawayeretsa mpaka m'nsidze. Jenipher anayang'ana munda umene anakuliramo, umene iyenso anausenzerapo manyowa, ndipo misozi inangotsika.

Analankhula zambiri. Anati ngakhale theka lakelo likumukanika, masiku ena amayenda wapansi kuchokera ku Mtandire mpaka kuntchito, nkhomaliro anasiya. Anati a Patson anabweranso, sanakwiye, akuti nyumba ija ikadalipo. Anati sangagone pa simenti amayi ake akulimira mlendo munda wawo womwe. Mvula isanagwe ekalayi mwina itha kubwezedwa, a Patson atha kubwezera bambo wa mu ofesiyo ndalama yake ndi kuonjezerapo.

"Ndingovomera, amayi, kuti izi zithe. Ndikuchitira inu."

A Nankhoma anazika khasu pansi n'kutsamira mpini. Sanakweze mawu.

"Usandinamizire ine. Ukafuna kupita kwa bambo ameneyo upite ndi miyendo yako, koma dzina langa ulisiye kuno. Ine anthu andiseka m'sitolo, andiseka pa mjigo, ndipo ndikugonabe tulo. Ukakalowa m'nyumba imeneyo, ndiye kuti mizere yonseyi ndalimira mphepo, ndipo pamenepo ndiye udzakhala wandimaliza."

Jenipher anati munda wapita. Amayi ake anavomera kuti wapitadi, ndipo pamenepo mawu awo anathothoka pang'ono, poti ekalayo ankaikonda ndipo kuitaya kunkawawawa tsiku lililonse akaiponda. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Munda ndi wa a Gibson, sunakhalepo wanga. Wanga ndiwe. Ngati ukundimvera chisoni, kakhale m'chipinda chimene ndikulipiracho."

Anazula khasu n'kuwerama. Jenipher anaima nthawi yaitali akuyang'ana msana wa amayi ake. Kenaka anavula nsapato, kuziika pa chitsa, n'kupita pamthunzi paja kukabwereka khasu kwa mayi wina. Chiyambire Fomu 1 anali asanagalauzeponso mzere, ndipo m'manja munatuluka matuza asanafike pakati. Analima limodzi mpaka ndime inatha.

Lolemba m'mamawa anakwera minibasi yoyamba ndi kathumba ka ufa ndi nsinjiro, kubwerera ku chipinda chakumapeto chija. A Nankhoma anamuperekeza mpaka pa siteji, kenaka anapitirira kudambo kukayamba ndime ina. Podutsa pa ya Loweruka anaona mizere inayi ya Jenipher, yokhota, ina yoonda ina yonenepa, yochititsa manyazi munthu wobadwira ku Kabudula. A Gibson anati ikonzedwe bambo wa mu ofesi uja asanaione. A Nankhoma anati aliyense wokhudza mizere imeneyo ayambe wathana ndi iwo, ndipo mpaka mvula inagwa palibe anaikhudza.